Apongozi M'galaja, Zinki Isanaume

Ana anga Lusubilo ndi Tumpale, ndi inu adzukulu amene mumaseka kuti cholembera ndimachigwira ngati burashi ya penti, khalani pansi muwerenge. Ine Nalungwe ndalemba ndekha, ndi dzanja langali. Zilembo ndinaziphunzira ku sukulu ya kwacha imvi zitatuluka kale, ndiye zikapendama zisiyeni, zikuyenda ngati mwini wake. Za ubwana wanga ku Chisenga sindilemba, n'zofanana ndi za mtsikana aliyense wa kumeneko: khasu, mtsuko, mawere padzuwa. Ndiyambira pa chitsulo, poti chitsulo ndicho chinakulerani, ndipo ndiyambira poyamika, poti zoyamika zandichulukira kuposa mano amene anditsalira m'kamwa.

Chaka chimene bambo anu anatisiya

Bambo anu ankakonza njinga pa Boma la Chitipa, ndipo atamwalira anandisiyira inu awiri, kachipinda ka lendi ndi pampu ya njinga. Maliro atatha, mlamu wanga Yotamu anabwera ndi mawu ochokera ku Misuku akuti ana ndi a kwawo, ng'ombe za malowolo zinapita kale kwathu, choncho tilongedze. Sananame. Kwathu kuno ana ndi a kuchimuna. Koma ine ndinagwada n'kupempha kuti Lusubilo ayambe wamaliza kalasi imene anali, ndipo anandilola. Mawuwo anali a apongozi anga aamuna, agogo anu, koma sakanandiuza okha. Inu a masiku ano mwina simukudziwa bwino. Kwathu mkamwana, ndiye kuti mkazi wa mwana wako, sayang'ana apongozi aamuna kumaso, salankhula nawo, satchula dzina lawo. Mukakumana panjira, iwe umapatukira kutchire, kufunda chitenje kumutu, kugwada chofulatira mpaka adutse. Iwonso amakuthawa chimodzimodzi. Si udani ayi, ndi ulemu, ulemu wolemera. Ine zaka zonse za ukwati wanga nkhope yawo sindinaione. Ndinkangodziwa chifuwa chawo, mmene ankakhosomolera kuseri kwa nyumba kuti ndidziwe kuti akubwera, ndipatuke.

Ndinayamba kutunga madzi ogulitsa. Ndowa pamutu, nyimbo pakamwa, kuchoka ku mjigo mpaka kumene akumanga. Kuseri kwa msika kunali shedi ya malata ya Fundi Sichali, owotcherera mageti, mafelemu a mawindo ndi zitseko. Fundi ndi mawu a ku Tanzania, kutanthauza mmisiri, ndipo dzinalo linawakhala moti ngakhale akazi awo ankawaitana choncho. Tsiku lina ndikudikira kuti andibwezere ndowa, ndinaona kachitsulo ka geti katafiira ndi dzimbiri. Manja angawa sadziwa kukhala. Ndinatola mchenga ndi chitsononkho n'kuyamba kukwecha ngati poto, uku ndikuimba chapansipansi. Nditadzutsa mutu ndinapeza Fundi aima pamenepo, magalasi akuda ali pachipumi.

"Amama, chitsulo changa chakulakwirani chiyani?"

Ndinayankha kuti n'chauve basi. Anachitenga, anachitembenuza, anachiyang'ana padzuwa, kenako anaitana wowotcherera wawo, a Phiri a ku Dedza, n'kuwauza kuti wapezeka munthu wowalandira burashi ya waya imene amadandaula nayo tsiku lililonse. A Phiri anati zikomo kwambiri, iwo anabadwira moto osati kutsuka mbale. M'mawa mwake ndinayamba ntchito. Ndagha, Fundi, zikomo kumene mwagonako.

Zaka zimene ndinadziwana ndi zinki

Nthawi imeneyo anthu a pa Boma anayamba kugula magalimoto odzera ku Tanzania, a kasitomu a pamalire, apolisi, ochita malonda, ndipo wogula galimoto aliyense ankafuna galaja, galaja inkafuna chitseko. Zitseko zathu zinali zokankhira cham'mbali, zoyenda ndi mawilo pa kanjanji ka pansi. Fundi ankapita ku Tunduma kukatenga mawilowo, mabawuti, zogwirira ndi njanji, n'kubwera nazo zili mbee, zokhala ndi timaluwa ngati ta pa malata atsopano. Anandiuza kuti ku fakitale amaziviika mu zinki yosungunuka, kachitsulo kena kotuwa, ndipo zimatuluka zitavala malaya. Ndinafunsa kuti nanga malayawo akang'ambika? Anati apo ndiye pokoma. Dzimbiri likabwera limayamba kudya zinki, chitsulo n'kuchisiya, ngakhale pamene pakalika. Zinki imadyedwa kuti mnzake akhale. Ine ndinati ameneyo ndi mayi, ameneyo ndikumudziwa, ndipo kuyambira pomwepo ndinaikonda.

Koma moto wa a Phiri ndi zinki sizigwirizana. Pamene awotcherera malaya aja amapsa, pamatuluka utsi woyera, pamatsala chilonda pamtunda. Utsi umenewo ndi woipa. A Phiri akaupuma ankafika madzulo akunjenjemera ngati agwidwa malungo, m'kamwa mukumveka chitsulo. Ankati mankhwala ake ndi mkaka, ndipo ankaumwa modzitama ngati mwana wa ng'ombe. Fundi ankati mkaka amwe ngati akuufuna, koma chachikulu ayambe apala zinkiyo ndi gilayinda pamene akufuna kuwotcherera, ndipo ntchito aigwirire panja, mphepo ikuchokera kumsana. Ankakangana za zimenezi ngati mwamuna ndi mkazi wake, chaka ndi chaka, osatopa.

Zilonda zimenezo ndizo zinali ntchito yanga. Kugogoda makoko otsala powotcherera, kukwecha ndi burashi ya waya, kupukuta mafuta, mpaka chitsulo chiwale ngwee, kenako kupaka penti ya zinki tsiku lomwelo mame asanagwe. Penti imeneyi siili ngati zinzake. Kachitini kakang'ono, koma ukakanyamula umachita kufunsa ngati muli miyala. Zinki yonse imagona pansi ngati matope, pamwamba pamangoyandama madzi, ndiye wosadziwa amapaka madziwo n'kumati wagwira ntchito. Umayenera kutakasa, kutakasa, kutakasa, mpaka mkono uyambe kukutukwana, ndipo ukamapaka uzitakasabe. Siifuna penti ina pansi pake, imafuna kukhudzana ndi chitsulo khungu ndi khungu. Ine ndinaipekera nyimbo yoti mkono usagone:

Takasa pansi, takasa pansi,
chakudya cha dzimbiri chili pansi.

A Phiri ankavomera ndi mawu awo a chule, n'kumanena kuti Chichewa changa chinapindika ngati waya. Ine ndinkawauza kuti ayambe aphunzira kupereka moni wathu wa m'mawa, poti akati mwaghona agalu ankathawa.

Fundi anali bwana wosakalipa. Akakwiya ankangovula chipewa n'kumachiyang'ana mkati, ndipo tonse tinkadziwa kuti penapake palakwika. Anandigulira ovolosi, ine n'kumamanga chitenje pamwamba pake. Tinaika zitseko pa Boma, ku Kameme, mpaka ku Nthalire, kumene lole inatitimira m'matope ndipo chitseko cha eni ake tinachiyala pansi pa mateyala kuti tituluke. Titafika ndinachikwechanso chonse, Fundi akupepesa, mwini wake akuseka. Kumeneko amayi anabwera kudzaonerera mkazi wogwira zitsulo, ena n'kumandigwira manja kuti aone ngati ndi a munthu. Ndinawaimbira, anavina, tinadya limodzi. Lusubilo anamaliza kalasi ija nalowa ina, Tumpale nayenso anayamba sukulu, ndipo ku Misuku kunali zii. Ine ndinkaganiza kuti aiwala.

Chaka chimene zinki inasowa

Kenako kunabwera chaka chouma, osati chouma mvula koma katundu. Mafuta a galimoto ankasowa, ndalama zakunja akuti zinkasowa, Fundi ankapita ku Tunduma n'kubwerako ndi chikwama chopanda kanthu, nkhope itagwa. Njanji zovala zinki kunalibe. Penti ya zinki kunalibe. Mashedi ena anayamba kupaka penti ya siliva, yonyezimira bwino kuposa yathu, yopepuka, yoti dzinja likangodutsa dzimbiri latulukira pansi pake. A Phiri anati nafenso titero, wogula sadziwa. Fundi anavula chipewa n'kunena kuti wogula sadziwa koma dzimbiri limadziwa. Anali ndi chitini chimodzi chotsala, chosadzaza n'komwe, ndipo ankachisunga pansi pa bedi lawo.

M'chaka chomwecho mlamu Yotamu anabweranso. Anandipeza pashedi, ovolosi itathimbirira, ndikuseka ndi a Phiri. Sanakhale pansi. Anati ku Misuku kwamveka kuti mkamwana wawo amavala thalauza n'kumaswera pakati pa amuna, ana akukulira mu utsi wa chitsulo, ndiye adada, kunena apongozi angawo, anena kuti khofi akatha kukolola iye adzabwere kudzawatenga, ndipo ulendo uno palibe zopempha. Inu munali kusukulu, simunamve. Ine tsiku limenelo sindinaimbe.

Pasanapite nthawi Fundi analandira ntchito yoti itipulumutse, chitseko chachikulu cha galaja ya lole ya gulu lina la alimi a khofi ku Misuku. Kumeneko nkhungu imatsika kuchokera ku nkhalango ya Mughese, chitsulo chosavala sichichedwa kufiira, n'chifukwa chake anafuna Fundi ndi chitini chawo cha pansi pa bedi. Atatchula malowo ndinasiya kukwecha. Mlonda wa galajayo anali apongozi anga.

Ndinawauza Fundi kuti sindipita. Iwo ndi munthu wa konkuno, anamvetsa nthawi yomweyo, koma anati zinki yatsalayo ingakwane pokhapokha ipakidwe ndi dzanja langa. A Phiri amapaka ngati akuzira nyumba, ikathera pakati. Ntchitoyi ikalephereka atseka shedi, poti ina panalibe. Ndinaganiza, ndinaganiza. Ndikapita, ndikaonekera ndi ovolosi pamalo pa apongozi, ndiye kuti ndawapatsa ndekha chifukwa chotengera ana. Ndikakana, shedi itsekedwa, ndibwerera ku ndowa, ndipo mayi wa ndowa angaletse bwanji ana kukadya kwa agogo awo? Ndinasankha kupita. Fundi anatumiza mawu kwa akulu a gululo kuti tsiku loika chitseko mdala apume kunyumba, ndipo yankho linabwera lakuti avomera.

Mwezi wa khofi, chaka chomwecho

Tinakwera lole ya gululo m'mamawa, ndi chitseko, jenereta ndi zitsulo zathu, chitini chili pamiyendo panga ngati khanda. Msewu kukwera, kukhota, kukweranso, nthochi mbali zonse, khofi atafiira psuu m'mitengo, amayi akumuyanika pa mathandala. Lole inatitsitsa n'kupita kukatola matumba m'midzi. Dalaivala anati abweranso dzuwa likapendeka, ndipo amene sanakonzeke atsala.

A Phiri anawotcherera njanji yathu, yachitsulo wamba poti yovala kunalibe, anakhazika chitseko, anawotcherera zogwirira mawilo cha mkati. Ine ndinakwecha zonse, mkati ndi kunja, mpaka zinawala. Galajayo inali ya njerwa, yopanda khomo lina, timabowo ta mpweya tokha m'mwamba, kumapeto kuli migolo ndi matumba. Nditamaliza kukwecha ndinatsikira kumtsinje kukasamba m'manja, poti ngakhale mafuta a m'manja zinki imadana nawo. Pobwera ndinkaimba mokweza, mtima utamasuka. Ndinauza a Phiri kuti atseke chitseko, ndiyambe ndapaka mbali ya njanji imene chimapitako chikamatseguka, ipezeko dzuwa. Ikauma titsegule ndimalize za mkati. Anachikoka, chinayenda shwee, Fundi anamwetulira, ndipo awiriwo anatsikira kumsika kukafuna chakudya, mtunda ndithu.

Ndinatakasa, ndinapaka. Njanji yonse, zilonda zonse za kunja, pang'onopang'ono, osataya dontho. Ndili pomalizira, dzuwa linazimiririka. Nkhungu inabwera msanga tsiku limenelo, yoyera mbuu, yozizira. Ndinadziwa kuti pentiyo tsopano ichedwa kuuma, ndipo ndinayamba kudera nkhawa zilonda za mkati. Pamenepo ndi pamene ndinamva munthu akukhosomola kuseri kwa chitseko.

Ana anga, chifuwa chimenecho. Ndinachizindikira pomwepo.

Zimene zinachitika ndinadzazimva bwino pambuyo pake. Mdala anapumadi kunyumba, koma kuzizira kutawalowa anakumbukira jekete lawo limene analisiya pa migolo. Ataona kuti ndatsikira kumtsinje analowa mwachangu, amisiri ali kuseri ndi jenereta, ndipo ali mkatimo anamva nyimbo yanga ikukwera chitunda. Anachita zimene mwambo umafuna, anabisala kuseri kwa matumba kuti ndidutse. Ife tinawatsekera. Ndipo anakhala chete nthawi yonseyo, poti akanaitana, woyankha akanakhala ine. Fungo la penti ndilo linawaulula.

Ndinafunda chitenje, ndinagwada chofulatira monga mwa masiku onse, ngakhale pakati pathu panali chitsulo. Ndikatsegula, mawilo apala zinki yonse yaiwisi, ina kulibe, ndipo tionana maso ndi maso ine ndili mu ovolosi. Ndikapanda kutsegula, ndatsekera apongozi anga m'galaja ngati mbuzi, munthu amene ali ndi mawu omaliza pa ana anga. Kwa Fundi kunali kutali, ndipo Fundi akanangotsegula ndi mantha. Kulankhula sindikanatha. Ndinakhala pamenepo nkhungu ikundinyowetsa, mpaka pakamwa panga panachita zimene pamachita ndikasowa pogwira. Ndinaimba. Kuimba si kulankhula ndi munthu, amene ali pafupi amangomva.

Chitseko iwe, chitseko iwe,
undipepesere kwa eni malo.
Ndakupaka ndisakudziwa,
ukayenda uvula malaya.

Kenako kukhosomola kwina, kenako mawu, oyamba kuwamva akubwera kumene ndili.

"Chitseko iwe," anatero, "malaya akowo auma liti?"

Ndinaimbira chitseko kuti kukanakhala dzuwa bwenzi posachedwa, koma ndi nkhunguyi mwina mpaka madzulo. Ndinamva akukoka mgolo n'kukhalapo. Anauza chitseko kuti iwo alimbana zaka zambiri ndi chinzake chakale cha pamenepo, chodyeka ndi dzimbiri, chochita kuitanira anthu kuti chisunthe, ndipo msana wawo unathera pomwepo. Ngati ichi n'choti sadzavutikanso nacho, adikira. Ulonda ndi kudikira komwe.

Apa ndikanangothokoza n'kukhala chete. Koma zilonda za mkati zinali pamtunda, nditazikwecha kale, lole ikubwera madzulo, ndipo m'chitini munatsala zinki yongokwana izo. Ndinapemphera pang'ono. Ndiye ndinathira zinkiyo mu kambale, ndinaika burashi ndi kamtengo kotakasira pambali, ndinakankhira zonse pa mpata wa pansi pa chitseko, n'kuimba kuti chitseko chili ndi zilonda kumsana, pafupi ndi mawilo, zowala ngwee, ndipo dzanja la kunja silingafikeko. Mkamwana kutuma apongozi ake ntchito. Ndinatseka maso kudikira mphezi.

Kambale kanakokedwa. Ndinamva akudabwa kuti penti yanji yolemera ngati phala la mawere logona. Ndinaimba nyimbo yanga ya takasa pansi, ndipo kamtengo kanayamba kugogoda m'mbale, ko ko ko, motsatira nyimbo. Nditaibwereza anavomera, chapansipansi, mawu okalamba a munthu amene kale ankaimba kwaya. Tinagwira ntchito, ine kunja ndikuimika matumba kuti madontho a padenga asagwere panjanji, iwo mkati ndi burashi. Ankafunsa chitseko, chitseko chinkayankha. Anafunsa chifukwa chimene pentiyi ilibe kukongola. Ndinaimba za kudyedwa m'malo mwa mnzako. Anafunsa ngati Lusubilo amawerenga Chingerezi, ngati Tumpale khutu linasiya kumuvuta, ngati ana amadya asanapite kusukulu, ngati amapita kutchalitchi. Anafunsa amene amawayang'anira mayi wawo akakhala pa zitsulo. Sindinakometse. Ndinaimba kuti akaweruka amabwera kushedi, amalemba za kusukulu pa benchi kutali ndi utsi, masiku ena ndiwo zimakhala masamba okhaokha, koma sanagonepo ndi njala. Anafunsanso za thalauza. Ndinaimba kuti chitenje chinagwirapo moto wa a Phiri, ndipo ndinaona kuti kuli bwino anthu andinene kusiyana n'kuti andiimbire za maliro. Anaseka mpaka kutsamwa.

Kenako anauza chitseko kuti mwana wawo, bambo anu, ali mnyamata ankawabera mafuta a nyale kukatsukira tcheni cha njinga, ndipo akamufunsa ankati nyaleyo ikudontha. Tinalira, wina uku wina uku, chitsulo pakati. Pamaliro paja sitikanatha kulirira pamodzi.

Fundi ndi a Phiri anatulukira mu nkhungu atanyamula nthochi zootcha. Nditawanong'oneza, Fundi anagwira kumutu, a Phiri anathamangira chogwirira kuti akoke.

"Musakhudze," anatero mawu a mkati. "Sinaume."

"Adada, pepani, tikutulutseni," anatero Fundi. "Za penti tidzaona."

"Mudzaona kuti? Ndamva kuti ina kulibe. Ine ndapaka mbali yanga, munthu asandionongere."

A Phiri anati ndiye Fundi awalembe ntchito, malo a wopaka wachiwiri alipo. Mdala anayankha kuti wa ku Dedzayo ayambe waphunzira kuwotcherera mosasiya mabowo, poti mkatimo aona zambiri. Nthochi tinawapatsira pansi pa chitseko.

Lole inafika. Ndinagwira pakona pa njanji ndi nsonga ya chala, inali ikumatabe. Dalaivala sanafune kudikira. Mkulu wa gululo, amene anabwera ndi loleyo, analonjeza kuti akhala pomwepo ndipo atsegula yekha ikauma, Fundi n'kumuonetsa moyesera. Kambale ndi burashi zinatulukira pansi pa chitseko, kambale katakombezedwa ngati mwadyera mwana. Ndinagwada kuti nditsanzike ndi nyimbo, koma ndisanayambe mdala anaitana Fundi, osati chitseko, kuti pakhale mboni.

"Sichali, ukafika pa Boma ukauze mayi wa adzukulu anga kuti Yotamu sabwera. Ana aziphunzira komweko. Sukulu ikatsekera azibwera adzatithandize khofi, ikatsegulira azibwerera kwa mayi wawo."

Fundi anati akanena. Ine ndinali pomwepo, chitenje kumutu, ndikumva zonse. Koma Fundi anadikira njira yonse, kutsika, kukhota, kutsikanso, osatchula kanthu, mpaka titafika pa Boma. Pamenepo anatsika lole, anaima mowongoka, n'kundiuza mawu onse mwadongosolo ngati nkhani yatsopano. Ndipo ine ndinaimba nthungululu ngati ndikuimva koyamba, pakati pa msewu, anthu a njinga akundizungulira.

Zaka zotsatira, mpaka lero

Zinki inabweranso, njanji zovala zinabweranso, shedi sinatsekedwe. Fundi atakalamba anaisiya m'manja mwa a Phiri, bwana wanga wachiwiri, amene pofika nthawi imeneyo anali atakwatira konkuno ndipo za siliva anali atasiya kuzitchula. Anali bwana waphokoso, wokalipa m'mawa n'kukugulira mandasi masana, koma tsiku limene Tumpale anasankhidwa kupita ku sekondale anatseka shedi yonse kuti tikamuperekeze kokwerera basi. Ndinagwira nawo mpaka maso anayamba kuona mbuu ndi mawondo kukana kugwada panjanji. Anandipumitsa ndi mbuzi, chitenje ndi burashi yatsopano imene sindinaiviikepo. Ndikuyamika Mulungu, ndikuyamika amisiri awiriwo, ndikuyamikanso mlamu Yotamu, amene ankangonyamula mawu olemera a eni ake ndipo lero timaseka limodzi.

Agogo anu anamwalira ndisanaone nkhope yawo, ndipo sitinalankhulanenso. Mwambo unabwerera pamalo pake ngati sipanachitike kanthu. Koma mukukumbukira kuti mukamachokera ku holide munkabwera ndi thumba la nyemba ndi mkoko wa nthochi, ndipo ankakuuzani kuti mukapereke kwa mnzawo wa ntchito. Munkandifunsa kuti mnzawo wa ntchito ndani, ine n'kumangoseka. Lero mwamva.

Lusubilo, iwe uli ndi galimoto tsopano. Udzatenge mlongo wako ndi adzukuluwa mupite ku Misuku. Galajayo ilipo, ndipo ndikumva kuti chitseko chikuyendabe. Kunja musataye nthawi, kumeneko n'kwanga, n'kosalala. Mukapemphe kulowa mkati, mukagwade pafupi ndi mawilo. Mukaona penti yotuwa, yokhuthala, yochucha, yopakidwa mokhotakhota ndi munthu wosaona bwino mumdima, ina mpaka inadonthera pasimenti. Wina asadzaipale kuti pakongole. Mukaigwire ndi manja anu. Amenewo ndi agogo anu, ndipo pamenepo dzimbiri silinalowe.